Dzinja Latha: Yang'anani Kunsi kwa Galimoto Musanasenze Zokolola

Mvula yakata tsopano. M'madambo a ku Mitundu madzi ayamba kuphwa, chimanga chauma m'minda, ndipo misewu ya kumidzi imene mu Febuluwale inali yosapitika yayamba kulimba. Aliyense amene ali ndi galimoto m'dera lathu lino, kuyambira ku Likuni mpaka ku Nathenje, akudziwa kuti nyengo ya ntchito yafika. Pali mabelo a fodya oyenera kupita ku okushoni ya ku Kanengo, pali mtedza ndi soya zofunika pamsika, pali chimanga choti chichoke kumunda chisanabedwe. Mwini galimoto amadzuka m'mamawa, napukuta magalasi, naliza injini, ndipo ikangolira mtima wake umakhala pansi. Amati, "Imeneyi yapulumuka dzinja." Ine ndidanenapo mawu omwewa chaka china, ndipo ndifuna ndikusimbireni, owerenga okondedwa, chimene chidatsatira.

Ndidali ndi pikapu yakale ya tani imodzi, imene ndidagula nditasunga ndalama zaka zambiri. Dzinja limenelo idagwira ntchito ya bulu. Mu Novembala idatuta feteleza wa mudzi wonse. Mu Disembala ndi Januwale idasambira m'matope, lero kuthamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera, mawa kukatenga maliro. Chakumapeto kwa Januwale madzi adakokolola kamlatho ka pa msewu wathu, ndipo ndidaiimika pansi pa mtengo wa mango nditakoka handibuleki. Idakhala pamenepo miyezi itatu.

Mu Meyi mnansi wanga adadzandipempha kuti ndikamtutire chimanga kumunda kwake, kutsidya kwa dambo. Tidaikankha, idalira, tidapita. Tidapakira matumba 24, ndipo pamwamba pake padakwera anyamata awiri ndi mwana wa mnansiyo wa zaka 11, amene ndinkamphunzitsa m'kalasi mwanga. Pobwerera pali kamtsetse kotsikira kumtsinje, kosaposa kutalika kwa bwalo la mpira. Nditaponda buleki, phazi lidangomira mpaka pansi monga ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndidapondanso kawiri, osamva kanthu. Ndidakoka handibuleki, koma galimoto sidasamale. Chimene chidanditsalira ndi kuikhotetsera m'ngalande ya m'mbali mwa msewu tisanafike pamadzi. Idapendekeka, matumba adakhuthukira pansi pamodzi ndi anthu, ndipo mwana uja adathyoka mkono. Adachira ndithu, koma mayeso a chigawo chimenecho adalemba ndi dzanja lamanzere, ine ndikumyang'anira.

Mawa lake adabwera makaniko wa pa malo a malonda apafupi. Adagona chagada kunsi kwa galimoto nayamba kugogoda ndi sipanala. Zibuma za dothi louma zidagwa ngati munthu akugumula chulu. Kenaka adandiitana nandionetsa kapaipi kachitsulo kamene kadali kobisika m'dothimo. Dzimbiri lidali litakadya mpaka kupyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo kadang'ambika nditangoponda mwamphamvu. "Aphunzitsi," adatero iye, "galimoto iyi mumaisambitsa kumaso kokha."

Adanena zoona. Makolo athu adati walira mvula walira matope, koma ife matopewo timawakumbukira pokhapokha tikuterereka nawo. Akauma timayesa kuti nkhani yatha, pamene ndi pomwe iwo ayamba ntchito yawo mwakachetechete. Kulira kwa injini kumangotiuza kuti galimoto itha kuyenda. Sikutiuza ngati itha kuima.

Mchere wa anzathu ndi mchere wathu

Anthu a kumaiko ozizira, monga Britain, Canada ndi kumpoto kwa Japan, ali ndi chizolowezi chimene tingaphunzirepo kanthu. Kwawoko miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene ife tikupalira ndi kubandira, kumagwa chipale chofewa, ndipo madzi amaundana pamsewu mpaka kuterera ngati galasi. Pofuna kuwasungunula, aboma amawaza mchere m'misewu. Mcherewo umapulumutsa anthu kungozi, koma umamatirira kunsi kwa magalimoto ndi kudya chitsulo. Choncho kunja kukayamba kufunda cha mu Malichi ndi Epulo, munthu wosamala amatsuka kunsi kwa galimoto yake, amachotsa matayala a m'chisanu ndi kuika ena, amayesa batire ndi mabuleki. Taonani kuti miyezi yake ndi yomweyi imene dzinja lathu limatha.

Ife chipale tilibe, koma mchere tili nawo wathuwathu, ndiwo feteleza. Thumba la yureya kapena NPK likabooka pang'ono, timibulu timagwera m'ming'alu ya bodi ndi pansi pa mipando. Feteleza amakoka chinyezi, ndipo chitsulo chimene chakhudzana naye chimachita dzimbiri mofulumira. Amene adasiyapo khasu pa thumba la feteleza dzinja lonse andichitira umboni. Pamwamba pa fetelezayo pamabwera dothi lathu, katondo wofiira wa kumtunda ndi makande akuda a kudambo. Dothi limeneli kunja limaoneka louma, koma m'kati limasunga chinyontho masabata ambiri, litakumbatira chitsulo ngati chigamba chonyowa.

Ntchito yoyamba tsono ndiyo kutsuka kunsi, pakuti simungaone chilonda chimene chakutidwa. Amene ali pafupi ndi mzinda apite kumalo otsukira magalimoto kumene ali ndi paipi ya madzi amphamvu, ndipo aimirire pomwepo kuonetsetsa kuti anyamatawo alozetsa madzi m'kati mwa madigadi, pamwamba pa thanki, m'mphako za chasisi ndi pakati pa masipuling'i, chifukwa mukawasiya okha adzakupukutirani boneti mpaka kunyezimira, kunsi osakhudzako. Amene ali kumudzi, chidebe, kamtengo ndi burashi zikwanira. Chofunika ndi kudekha. Koma ndikupemphani, musalowetse galimoto mumtsinje kuti muitsukiremo. Oyilo ndi girisi zimayandama kupita kumene amayi akutunga ndi ng'ombe zikumwa, ndipo mitsinje yambiri ya kuno imathira mu Lilongwe, umene mzinda wonse umamwa.

Pali lamulo limodzi losanyengerera. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yaima pa jeke yekha. Ikani zitsa zolimba za mtengo pansi pa chasisi ndi miyala kumagudumu otsalawo. Njerwa si zodalirika, zimaphwanyika mosachenjeza.

M'kati namonso tulutsani makapeti muwayanike padzuwa, muone ngati pansi sipadayambe kufiira. Kunsi kwa chitseko chilichonse kuli timabowo totulutsira madzi. Tikatsekeka ndi dothi, chitseko chimawola kuyambira m'kati. Kawaya kakang'ono kakwanira kutitsegula.

Mabuleki

Pano ndichedwapo, popeza ndi pamene ndidapsera. Mphamvu ya phazi lanu imafika kumagudumu kudzera m'mafuta apadera oyenda m'timapaipi tochepa kuposa pensulo. Pakabooka pena paliponse, mphamvuyo imathera pansi. Opanga magalimoto adaliganizira vutoli, ndipo adagawa njira za mafutawa pawiri kuti ina ikabooka inzake igwirebe. Nanga ine zidandikanika bwanji? Makaniko atatsegula magudumu akumbuyo adapeza m'madiramu muli matope ouma thoo, zitsulo zake zitagwirana ndi dzimbiri. Njira yachiwiriyo idali itafa kale ine osadziwa, ndipo handibuleki, imene imadalira magudumu omwewo, idafera limodzi. Ndinkayenda ndi theka la mabuleki, thekalo litapachikika pa kapaipi kowola.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Lizani injini galimoto ili chiimire, pondani buleki mwamphamvu, ndipo gwiritsitsani kwa theka la mphindi. Phazi liyenera kuima pamalo amodzi ngati laponda mwala. Likamamira pang'onopang'ono, mafuta akudontha penapake, ndipo galimotoyo isachoke pakhomo. Yang'anani kabotolo ka mafuta a mabuleki pansi pa boneti ngati sikadatsike, suzumirani kuseri kwa gudumu lililonse ngati sikukuoneka konyowa, ndipo tsatirani timapaipi tija ndi maso ndi chala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kamene kachita makwinya a dzimbiri kachotsedwe. Musalole kuti wina akamange ndi mphira ya chubu kapena akapinde ndi pulayala kuti "mufike kaye". Tsoka silinunkha.

Chinanso chimene ambiri sachidziwa ndi chakuti mafuta a mabuleki amamwa chinyezi cha mumpweya, makamaka m'miyezi ya mvula. Mafuta atsopano a mtundu wa DOT 3 sawira mpaka kutentha kutapitirira madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140 okha. Pa msewu wathyathyathya simudzaona kusiyana. Mudzakuona tsiku limene mukutsika mtsetse wautali ndi katundu, monga wa Khwekhwerere popita ku Golomoti: mabuleki amatentha, mafuta amawira nasanduka nthunzi, ndipo phazi limamira ngakhale palibe pamene pabooka. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse. Gulani botolo lomata, osati mafuta ochita kukuyezerani kuchokera m'botolo limene lakhala lotsegula pamsika. Ndipo dzinja likudzali, mukafuna kuimika galimoto nthawi yaitali, isiyeni m'giya ndi miyala kumagudumu. Handibuleki yokokedwa miyezi itatu imamatirira.

Madzi saiwala khwawa, ndipo akalowa m'galimoto amapeza njira zawo. Solokotani kachitsulo koyezera oyilo wa injini muone mtundu wake. Oyilo wakuda ndi wokalamba chabe, koma wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi, ndipo ayenera kuchotsedwa pamodzi ndi fyuluta yake injini isanalirenso. Ngati mudawolokapo madzi ofika m'mawondo, makaniko atsegulenso difu ndi giyabokosi. Zitsulo zimenezi zimakhala zotentha poyenda, ndipo zikamizidwa mwadzidzidzi m'madzi ozizira zimakoka madziwo kudzera pa kabowo kopumira. Fyuluta ya mpweya nayo itulutsidwe. Ikakhala yokwinyika ngati buku limene lidavumbwa, dziwani kuti madzi adafika pakhomo penipeni pa injini. Gulani ina, pakuti miyezi ya fumbi ndi mphepo ya mwera ili kutsogoloku. Oyilo wakaleyo musamtayire pafupi ndi chitsime.

Galimoto ikadali pa zitsa, gwirani gudumu lililonse pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Kenaka gwirani kumanja ndi kumanzere. Likamachita khokhokho, beling'i kapena mfundo za chiwongolero zatha. Kuseri kwa magudumu akutsogolo kuli mphira zopindikapindika zosunga girisi. Ikang'ambika imodzi, mchenga umalowa ndi kupera chitsulo. Mphirayo ndi yotsika mtengo, chitsulo chimene imatetezacho n'chokwera kwambiri.

Matayala a m'chisanu pa msewu wa ku Bunda

Nkhani ya maiko ozizira ija si yakutali monga mungaganizire, pakuti idatitsata mpaka pakhomo. Magalimoto ambiri amene tikuwaona pa msewu wa ku Bunda ndi pa M1 adagwirapo kale ntchito ku Japan, kumene amayenda kumanzere monga ife, ndipo adafika kuno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe, ena kudzera ku Durban. Ena mwa iwo amabwera atavala matayala a m'chisanu, ndipo matayala otere amapezekanso pakati pa a kaunjika amene amagulitsidwa m'misika. Pamaso ndi okongola: mano ake ndi akuya, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ndi atsopano. Koma mphira yake idapangidwa yofewa kuti igwire msewu pamene kunja kwazizira kutsika pansi pa madigiri 7. Pa phula lathu la mu Okutobala imafewa mopitirira, imatha msanga, galimoto imayendayenda pokhota, ndipo mukaponda buleki imakaimira patsogolo kuposa pamene mumayembekeza.

Kuwazindikira n'kosavuta. Dzino lililonse la tayala lotere limakhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota ngati tocheka ndi lumo, ndipo m'mbali mwake mumalembedwa mawu akuti STUDLESS, kapena mumakhala chithunzi cha phiri la nsonga zitatu ndi kanyenyezi ka chipale m'kati mwake. Sindikunena kuti muwataye lero lomwe ngati thumba silikulola. Ndikunena kuti mudziwe chimene mwavala, muchepetse liwiro, ndipo pogula ena musadzanyengedwenso.

Tayala lililonse limanena lokha zaka zake. Funani m'mbali mwake manambala anayi okhala m'kabwalo kotalika, nthawi zambiri pafupi ndi zilembo za DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka: 2319 ndiye kuti lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Makampani ambiri opanga matayala amati lopitirira zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano akadalipo, chifukwa mphira imauma ndi kung'aluka. M'ngalande za tayala mulinso timizere topingasa totalika mamilimita 1.6, mano akafika pofanana nato, tayala latha. Yang'ananinso chotupa m'mbali, chimene chimabwera tayala likamenya dzenje la pamsewu, ndipo maenje ndiwo mphatso imene dzinja limatisiyira chaka ndi chaka. Chotupacho ndi ulusi wa m'kati umene waduka, sichikonzeka, ndipo chimaphulika tsiku la katundu wolemera. Mpweya yezani m'mawa matayala asanatenthe, potsata kapepala kamene kamamatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Sipeya nalo ndi tayala. Ambiri timalikumbukira titaima kale patchire.

Za katundu ndinene mosabisa, popeza ndidachimwapo. Pikapu ya tani imodzi malire ake ndi matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo kulemera kwa anthu okwera kumachotsedwa pa chiwerengero chomwecho. Ine ndidapakira 24 ndi anthu atatu pamwamba. Magalimoto a katundu ochokera ku Japan amakhala ndi kapepala kumbuyo kolembedwa m'Chijapani, koma nambala yake aliyense atha kuiwerenga: 350kg pa timalole tating'ono tija, 400kg pa Probox zambiri. Amenewo ndi matumba 7 kapena 8 basi. Kodi ndi angati a ife amene taonapo Probox ikuchokera ku msika wa Mitundu mphuno ili m'mwamba, matako akukhula pansi? Mabuleki adapangidwira kulemera kumene kudalembedwako, ndipo sadziwa kuti mafuta adakwera mtengo.

Zobisala m'galimoto yoima

Galimoto imene yaima miyezi ingapo imakhala ndi matenda akeake. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi spiriti wochokera ku nzimbe wotchedwa ethanol, amene adayamba kupangidwa ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo pambuyo pake ku Chikwawa. Ndi nzeru yabwino imene imapulumutsa ndalama za kunja, koma ethanol amakoka madzi. Thanki ikakhala yosadzaza dzinja lonse, chinyezi chimalowa, madzi amakhazikika pansi, ndipo injini imatsokomola kapena kuzima pokwera mtunda. Vutoli limakula ndi mafuta a m'zigubu amene tidazolowera kugula kwa mavenda m'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012, ndiponso 2022 mpaka 2024. Ngati petulo wa m'thanki akununkha ngati penti wakale, achotsedwe, ndipo fyuluta ya mafuta isinthidwe.

Batire limatha mphamvu lokha likangokhala, ndipo limathanso msanga m'nyumba zimene timalizula kuti tiwunikire usiku ndi kutchaja mafoni. Batire la galimoto silidapangidwire kukamidwa mpaka kuuma. Mukatero kangapo limafa. Lodzaza bwino limaonetsa mavoliti 12.6 pa kachipangizo koyezera. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mitu yake umachoka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda yemwe uja amayi amathira m'therere. Mukatha pakani girisi pang'ono. Ngati ndi batire lothira madzi, thirani a batire ogula m'botolo, osati a pamjigo.

Tsegulaninso boneti masana muyang'ane bwinobwino musanalowetse dzanja. Makoswe amakonda kumanga zisa pa injini, makamaka galimoto ikaima pafupi ndi nkhokwe, ndipo amatafuna mawaya ndi timapaipi ta mphira. Waya wosendeka ndiye chiyambi cha moto. Kumene kuli makoswe njoka sikhala kutali.

Rediyeta imafuna mawu awiri. Kunja kwake kumatsekeka ndi matope ndi njere za udzu, ndipo pamafunika kutsuka mofatsa kuti timapeyala take tisapindike. M'kati mwake ambiri timathiramo madzi a pamjigo, amene amasiya zoyera zonga zija zimamatirira m'ketulo. Madzi amtundu aja, obiriwira kapena ofiira, amene m'sitolo amatchedwa coolant, anthu ena amati ndi a kumaiko ozizira okha. Zoona amaletsa madzi kuundana, koma amaletsanso dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira, ndipo ziwiri zimenezi ndi zathu. Chitsekero cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha. Ndipo popeza tsopano muziyenda m'minda ndi m'tinjira ta udzu wautali, zolowerani kusuzumira kunsi madzulo ndi kuchotsa udzu wouma umene wakodwa pafupi ndi paipi ya utsi, chifukwa paipiyo imatentha mokwanira kuuyatsa.

Nanga ndalama zichokera kuti?

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu, chifukwa mayi a kunyumba kwanga adandifunsa lomwelo. Epulo ndi mwezi umene thumba la mlimi limakhala lopepuka kuposa miyezi yonse. Miyezi ya njala yangotha kumene, fizi ya ana ikudikira, fodya sanagulitsidwe. N'chifukwa chake timanena mumtima kuti, "Ndiyambe ndatuta, ndikagulitsa ndidzakonza." Maganizo amenewa ndiwo adandigwetsera m'ngalande. Amatanthauza kuti galimoto idzasenza katundu wolemera kuposa wa chaka chonse pa nthawi imene ili yofooka kuposa chaka chonse.

Komatu zambiri zimene ndatchulazi sizifuna tambala: kutsuka, kuyang'ana, kugwedeza, kuyeza. Pa zofuna ndalama, kuweruza kwanga ndi kwakuti mabuleki, chiwongolero ndi matayala sizidikira. Oyilo wolowa madzi sadikiranso, chifukwa injini ndi yokwera mtengo kuposa mabelo angapo a fodya. Nyali ziyake zonse, pakuti mu Juni ndi Julayi kumada msanga, ndipo m'misewu mwathu mumadzaza ngolo ndi njinga zopanda kuwala. Koma penti, wailesi, mipando yong'ambika ndi bodi yophwanyika zitha kudikira mpaka msika utatha. Ngati ndalama za mabuleki palibe, galimoto ikhale pansi pa mango, chimanga chibwere pa ngolo. Palibe manyazi pamenepo. Mapepala a inshuwalansi ndi COF onani masiku ake, koma musapusitsike nawo: chiphaso chimanena za tsiku limene galimoto idayesedwa, dzinja lisanaigwire.

Owerenga ambiri galimoto alibe, koma nkhaniyi ikuwakhudza. Ngolo zathu zambiri zimayenda pa ekiselo ndi matayala a magalimoto akale, ndipo mabeling'i ake amamwa madzi a kudambo chimodzimodzi. Afunika kutsukidwa ndi kupakidwa girisi, matabwa ake aonedwe ngati chiswe sichidalowe. Njinga ya kapalasa ndi yamoto ya kabaza zifuna tcheni chotsukidwa ndi mabuleki ogwira. Ndipo inu amene mumabwereka galimoto kapena kukwera matola, muli ndi ufulu wofunsa. Mnansi wanga uja akadandifunsa kuti, "Achimwene, kodi mabuleki mwawaona chiimikireni?" mwina ndikadakwiya pang'ono, koma ndikadapita kukawaona. Safunsa adadya phula.

Kwa inu anyamata ndi asungwana, amene mumapatsidwa chidebe Loweruka m'mawa kuti mutsuke galimoto ya bambo kapena ya amalume: maso anu ndi akuthwa kuposa athu, ndipo misana yanu imawerama mosavuta. Phunzirani kuwerenga manambala a pa tayala ndi kusolola kachitsulo ka oyilo. Mukaona dontho pansi pamene galimoto idagona, likhudzeni ndi chala muone mtundu wake, ndipo kaneneni. Makolo nafe tiwamvere anawa, ndipo makaniko akabwera tiwalole akhale pambali pake aziona. Koma makiyi asaperekedwe kwa mwana wopanda laisensi, ngakhale ndi ulendo wa kumunda kokha. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu.

Zonse zikakonzedwa, pezani malo athyathyathya opanda anthu, monga bwalo la mpira ana atapita kwawo. Yendetsani pang'onopang'ono, pondani buleki mwamphamvu, muone ngati galimoto ikuima mowongoka kapena ikukokera mbali imodzi. Iimikeni pa kachitunda ndi handibuleki yokha muone ngati ikugwira. Ulendo woyamba wa kumunda tengani theka la katundu, pamwamba pasakwere munthu, ndipo lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika mtsetse, osati muli pakati. Mukafika pakhomo yandikizani dzanja pakati pa gudumu lililonse, osakhudza chitsulo. Limodzi likakhala lotentha kuposa anzake, ulendo wachiwiri udikire makaniko.